Katani ya a Fundi

Dzina lawo sindilemba. Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda apongozi anga aamuna, koma lilime langa likukanabe kulitchula, ndipo cholembera nacho chatengera lilime. Kuno ku Chisenga mkazi wokwatiwa pamudzi satchula dzina la bambo a mwamuna wake, sawayang'ana kumaso, ndipo iwonso samuyang'ana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ndili mphunzitsi wongoyamba kumene, wapakamwa posatseka, ndipo mwambo umenewu unandivuta kuposa Chitumbuka. Mwayi wanga unali wakuti anthu onse, kuyambira ku Wenya mpaka kuseri kwa mapiri a Mafinga, ankawatchula kuti a Fundi, dzina lantchito limene anabwera nalo kuchokera ku Tanzania kumene anakaphunzira utelala ali mnyamata. Limenelo ndiye ndinkaloledwa.

Zaka khumi ndi chimodzi zoyambirira za banja langa, a Fundi ndinkawadziwa kuyambira m'mawondo kutsika. Chipinda chawo chosokera chinali chakumaso, choyang'ana kumsewu. Pakati pa chipindacho ndi chamkati, momwe ife amayi tinkadutsa popita kukhitchini, panali khomo lopanda chitseko. Pakhomopo pankalendewera katani yokhuthala, yoyererako ngati mkaka wowiritsa, ya timaluwa ting'onoting'ono tabuluu. Sinkafika pansi. Choncho ndikamasesa kapena kusankha nyemba mkatimo, ndinkaona mapazi awiri akupalasa makina, opanda nsapato, chifukwa eni ake ankati makina samvera munthu wovala nsapato. Nsapatozo zinkakhala pambali, zitaima moyandikana bwinobwino. Mapazi amenewo ndikanawazindikira pakati pa mapazi zana, koma mukanandifunsa ngati a Fundi ali ndi ndevu, ndikanayamba ndakafunsa mwamuna wanga.

Musaganize kuti sitinkacheza. A Fundi anali munthu wosatha kukhala chete, ndipo anapeza njira yawo. Ankalankhula ndi katani.

"Katani iwe," ankatero makina ali phokoso, "tafunsa uko kwa mkamwana, tiyi wapsa kapena maji akadali kudambo?"

Mkamwana ndi ine, mkazi wa mwana wawo. Masiku oyamba ndinkangothawira kukhitchini osayankha. Koma munthu wa ku Ntcheu sungamutseke pakamwa chaka chathunthu. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Katani, uwauze kuti tiyi wapsa kale. Shuga ndiye watha, poti pali munthu wina m'nyumba muno amathira masipuni anayi."

Mapazi aja anaima. Kenako kunabuka kuseka kwa chifuwa chonse, mpaka kutsokomola. "Katani, wayamba mwano! Nadi wayamba mwano. Wakuphunzitsa ndani?" Kuyambira tsiku limenelo katani ija inanyamula nkhani zambiri, za mvula, za amene anawodzera m'tchalitchi, za ana a kusukulu kwanga amene makabudula awo ankafika kwa a Fundi atang'ambika pamalo omweomwewo. Nditabereka mwana woyamba, katani ndi imene inauzidwa kuti dzina lake ndi Tiyezge.

Nsalu ankaikonda monga ena akondera ng'ombe. Akamapatsa munthu moni, dzanja lamanja linkagwira dzanja, lamanzere lili kale pamkono wa malaya, kufinya nsalu ndi zala ziwiri. Mwamuna wanga amati m'tchalitchi amuna ankakankhana kuti asakhale nawo pafupi, chifukwa pakati pa ulaliki ankatha kutembenuza kolala ya munthu, kuona msoko wake, n'kupukusa mutu. Za kaunjika ndiye osanena. Ankati chovala cha m'belo chimabwera ndi mapewa a mwini wake woyamba, ndipo ukachivala umayenda ngati wabwereka thupi. Ankatinso nsalu siifa, imangosintha ntchito, shiti ikatopa pabedi imakhala matewera, matewera akatopa amakhala chikolopa, ndipo ngakhale chikolopacho munthu wanzeru amayamba wachiyang'ana kawiri asanachitaye. Kunsi kwa bedi lawo kunali matumba atatu a zigamba, ndipo chigamba chilichonse ankadziwa kumene chinachokera.

Makani analinso nawo. Mphunzitsi mnzanga wina wa ku Mulanje anabwera ndi thalauza kuti alichepetse ligwire miyendo monga achinyamata ankavalira nthawi imeneyo. A Fundi anakana, ati kuno ndi kumapiri, munthu amayenera kutakasa miyendo. Mnzangayo anapita nalo kwa telala wina ku boma. Patangotha sabata anabwera atamanga juzi m'chiuno, thalauza litatseguka kumbuyo pokwera njinga pamaso pa ana a Sitandade 8. A Fundi analisoka osanena kanthu kwa mwini wake. Katani ndi imene inamva zonse, masiku atatu otsatizana.

Koma amene ankakangana nawo tsiku ndi tsiku ndi apongozi anga aakazi, a Nambela, mayi wamfupi, wamawu akuthwa, amene alipobe mpaka lero. Nkhondo yawo inali imodzi zaka makumi asanu: a Nambela ankabisa nsalu zawo, a Fundi ankazipeza. Shiti yatsopano ikalowa m'nyumba, a Nambela ankaiika m'nkhokwe pansi pa mawere. "Imwe mdala, lumo lanu lija lisayandikire katundu wanga," ankatero. A Fundi ankalumbira kuti sakudziwa n'komwe kuti kuli shiti, koma madzulo ankanong'oneza katani kuti nsalu yake ndi yabwino chomene, yangotsala kununkha mawere.

Maso a a Fundi anayamba kuvuta chaka chimene Tiyezge analowa Sitandade 4. Ndinadziwa ndisanauzidwe, chifukwa mapazi aja ankaima nthawi yaitali, ndipo ndinkamva munthu akupuma mokwiya, akulimbana ndi ulusi ndi singano. Kuchipatala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa. Anati ndi matenda otseka maso pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, ndipo mankhwala angochedwetsa chabe. A Fundi anauza katani kuti dziko tsopano akuliona ngati akusuzumira mu bango, ndipo bangolo likunka lichepa. M'mawa mwake, ndisanapite kusukulu, ndinalowetsa ulusi m'masingano khumi, n'kuwabaya pa chitsononkho, n'kuchikankhira kunsi kwa katani. Dzanja linatsika n'kuchitola. Tinachita zimenezo m'mawa uliwonse, ndipo palibe anazitchula.

Chaka chomwecho mpingo wathu unakonza chikondwerero chokumbukira chiyambi cha tchalitchi chathu. Anagwirizana zoti pakhale sewero la ukwati woyamba umene unadalitsidwa m'tchalitchimo, kale likadali laudzu. Mkwatibwi wa ukwati umenewo anali a Lidiya, amayi awo a Fundi. Chithunzi chawo kunalibe, ndipo mwa onse amene anawaonapo atavala chovala cha ukwaticho, wamoyo anatsala ndi mwana wawo yekhayo.

Wapampando wa amayi, a NyaGondwe, anali atakonza kale zonse. Anati tikabwereke diresi loyera ku boma, la neti kumaso, avale mdzukulu wawo wina. Msonkhano unali pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, amuna mbali yawo, ife mbali yathu, ine nditayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse.

"Yayi!" Anali mawu a a Fundi. "Amama sanavale neti. Neti ndi ya udzudzu. Amama anavala gauni."

Ndipo anaifotokoza. Inali yofika m'akakolo, kolala yoima yokumbatira khosi, manja otukumuka pamapewa koma othina m'mikono, timapindi khumi ndi tiwiri totsika pachifuwa, mabatani okutidwa ndi nsalu kumsana. Mkati munali andiloko, siketi yamkati yolimbitsidwa ndi madzi a chinangwa, yoti gauni iziima payokha. A Fundi anati gauni yonga imeneyo aisoka okha, ndipo safuna nsalu ya m'sitolo yoterera ngati mlamba.

"Nanga avala ndani?" anafunsa a NyaGondwe.

"Mkamwana wane."

Panali phokoso. Ine ndinafuna kulowa pansi. A NyaGondwe anaomba m'manja kamodzi. "Mwe a Fundi! Mkamwana wanu? Mumuyesa uli? Ndipo akavala, mumuona uli? Musokere munthu amene simungamuyang'ane?"

A Fundi anati a Lidiya anali mkazi wamtali, ndipo mudzi wonse uno wamsinkhu wawo ndi mmodzi yekha. Wina anafunsa kuti adziwa bwanji poti sanandionepo. Anayankha kuti mphuthu ya khomo lakumbuyo kwawo anaizula panyumba yakale ya amayi awo. A Lidiya akamalowa atasenza mtsuko, mtsukowo unkagunda pamwamba pa mphuthuyo. Kuyambira pamene anamwalira, akazi ambiri analowa pakhomopo atasenza madzi osagunda kanthu, mpaka tsiku limene mkamwana anabwera ndi ndowa yake. Ndipo n'zoona, ndinkagunda pamenepo pafupifupi tsiku lililonse, n'kumadziona ngati wosasamala. Sindinkadziwa kuti kuseri kwa katani kuli munthu amene amadikira kaphokoso kameneko.

Funso la a NyaGondwe lachiwiri lija sanaliyankhe, ndipo tonse tinabalalika tili nalo mumtima. Munthu akufuna kuonanso gauni ya amayi ake ikuyenda maso ake asanatseke, koma woivala ndi munthu yekhayo amene mwambo sulola kuti amuyang'ane.

Chifukwa chenicheni ndinachimva masana ena Loweruka, ndikusankha nyemba. Makina anali chete.

"Katani," anayamba motsitsa mawu, "ukudziwa kumene gauni ya amama inapita?"

Anati iwo ali mwana, amayi awo ankaivala pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha, ndipo iwo ankayenda pambuyo atagwira mpendero kuti usakhudze matope. Atafika msinkhu wa sukulu, mphunzitsi anawabweza kuti salola mwana wopanda shati. Bambo awo anali kumigodi, chaka chachitatu osamveka. A Lidiya anatsegula bokosi, natulutsa gauni, naidula ndi mpeni wakuthwa, nasoka shati pamanja. Mwana anapita kusukulu atavala shati ya timaluwa tabuluu, anzake namuseka tsiku lonse.

"Ndinabwera ndikulira, katani. Ndinaivula n'kuwaponyera pamiyendo. Ndinati mwandisokera chovala cha asungwana. Amama anaitola, kuikung'untha fumbi, kundivekanso. Ndinaphunzira nayo zaka zitatu. Anamwalira ine ndili ku Tanzania, ndipo sindinawathokozepo n'kuwauza kuti yewo. Ngakhale kamodzi."

Katani sinayankhe tsiku limenelo, chifukwa ine ndinali nditaluma nsonga ya chitenje kuti ndisamveke.

Kusonkhanitsa nsalu kunali nkhondo yosangalatsa. Shiti ya m'nkhokwe ija inatuluka n'kukhala andiloko, a Nambela akulalata mpaka anansi kutuluka m'nyumba. Nsalu zovekera mapilo ziwiri zinapita mkati mwa manja kuti atukumuke. Kansalu koluka kamene kankakhala patebulo pansi pa wailesi kanasowa Lachitatu, ndipo Lachinayi kanapezeka kali m'mphepete mwa kolala. Mabatani anathothola pa malaya awo akale asanu, n'kuwakuta limodzilimodzi. Koma nsalu ya gauni yeniyeniyo inasowa. Anakhuthula matumba onse atatu, anatuma anthu ku boma, anafinya zitenje za alendo onse odutsa. Palibe imene inawakhutiritsa.

Lolemba lina nditaweruka kusukulu n'kukatunga madzi, ndinalowera kumbuyo monga mwa masiku onse, ndowa n'kugunda pamphuthu, ndipo nditangoponya phazi m'chipinda chamkati ndinaona kuwala kumene sikunali kukhalapo. Katani panalibe. Ndinaona msana wa munthu ndi tsitsi loyera, ndipo ndinatembenuka msangamsanga mpaka madzi kutayika. A Nambela anathamanga ndi mphasa n'kuiimika pakhomopo.

"Mwaona misala ya apongozi anu?" anatero akupuma mwabefu. "Adula katani! Nyumba yakhala maliseche." Kenako anandikokera kukhitchini n'kutsitsa mawu. "Koma ndinadziwa kuti tsiku lina idzadulidwa. Anaigula ku Tunduma tisanabereke mwamuna wanu, ati ikufanana ndi ya amama awo. Zaka zonsezi mukuganiza kuti ankacheza ndi katani chifukwa cha inu nokha?"

Mphasa ija a Fundi sanaikonde. Ankati ndi yogontha, sidziwa kutumikira. Choncho uthenga unkapitabe kwa katani, ngakhale tsopano inali zidutswa pansi pa singano. "Katani iwe, khala bwino, ukukwatiwa mwezi wamawa. Ndipo uwauze a kuseriko kuti lero tiyesa."

Kuyesako kunali kwa chingwe. A Fundi tepi sankaikhulupirira m'manja mwa munthu wina, choncho anapatsa a Nambela chingwe chachitali kuti azimanga mfundo, ya mapewa, ya mkono, ya chifuwa, ya chiuno, ya kutalika. Pofika m'chiuno ine ndinakoka mpweya, monga mkazi aliyense angachitire. Chingwe chinadutsa pamwamba pa mphasa. A Fundi anapapasa mfundozo ndi zala.

"Katani, ichi ndi chiuno cha munthu wa ana atatu kapena cha mavu? Uwauze apume. Ine ndimamva mmene dothi limalirira akamayenda."

A Nambela anaseka mpaka kukhala pansi. Tinayesanso, ndipo mfundo inasuntha zala zinayi.

Anasoka masabata asanu ndi limodzi, kuyambira dzuwa likangowomba pawindo mpaka likapendeka, chifukwa kunja kukangochita mthunzi sankaonanso msoko. Masiku a nkhungu yochokera ku Mafinga ankatulutsa makina pakhonde. Timapindi ta pachifuwa tija anatisoka ndi zala kuposa maso, kupinda, kupapasa, kusoka, kumasula, kuyambiranso. Masingano anga khumi anasanduka makumi awiri. Ndinkamva akudzibaya, akutukwana singano m'Chiswahili, kenako n'kuyamba nyimbo ya m'tchalitchi ngati palibe chachitika.

Tsiku loyesa kuvala, ine ndinali mkati ndi a Nambela, iwo kuseri kwa mphasa.

"Yakhala uli pamapewa?"

"Ili bwino waka."

"Kolala yaima?"

"Ili bwino waka, mdala."

"A Nambela, inu chilichonse chili bwino waka! Thumba la feteleza nalonso mungati lili bwino waka. Katani, uwauze ayende."

Ndinayenda kuchokera kukhoma kufika kukhoma. Anati ndibwereze. Kenako anati ayi, siikulankhula, gauni ya amama inkamveka ikamabwera. Andiloko inavulidwa, inanyikidwanso m'madzi a chinangwa, inayanikidwa, inasitidwa ndi simbi ya makala. Mawa lake ndinayendanso. Anati yayamba kunong'ona koma sinafike. Tsiku lachitatu a Nambela anathira chinangwa chochuluka moti andiloko inaima yokha pakati pa chipinda. Nditaivala n'kuponya mapazi atatu, ndinamva ndekha, fwaa, fwaa, fwaa. Ndinayang'ana pansi pa mphasa, ndinaona zala za kumapazi zitapindika, zitagwira dothi. Patapita nthawi tinamva munthu akumina.

"Ndi chimfine," anatero. "Nkhungu ya chaka chino njoipa."

Tsiku la chikondwerero kunacha bwino, kozizira koma kowala. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kusuzumira m'mawindo. Mwamuna wanga ndiye anali mkwati, atavala kabudula wa khaki ndi jekete lakale la bambo ake, akudikira kutsogolo. Kwaya inayamba nyimbo yakale, ndipo ine ndinalowa. Anthu anati haa. Ndinamva amayi achikulire akung'ung'udza mayina a anthu amene anapita kale. Gauni inkalankhula pa sitepe iliyonse, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinadzimva kukongola kuposa tsiku la ukwati wanga weniweni.

A Fundi anakhala pa benchi yoyamba mbali ya amuna, m'mphepete mwa njira. Ndinawadziwira ku nsapato. Nditakweza maso pang'ono ndinaona zimene ndinkaopa. Anali atatembenukira kukhoma, chipewa atachigwira kutchinga nkhope, monga ankachitira nthawi zonse ndikamadutsa. Munthu wasoka masabata asanu ndi limodzi ndi kuwala kotsiriza kwa maso ake, ndipo akumvetsera chabe. Sewero lonse linali la mphindi zochepa. Ndikanangodutsa, kukaima kutsogolo, kutuluka, n'kukavula, basi zikanathera pomwepo.

Ndinaima pafupi ndi benchi yawo, maso pansi. Kwaya inamaliza ndime n'kuibwereza. Mwamuna wanga ankandikodola ndi maso. Kwaya inabwerezanso kachitatu, mawu akuyamba kuchepa, anthu akuyang'anana.

Pamenepo a Nambela anadzuka. Anadutsa pakati pa tchalitchi kupita mbali ya amuna, chinthu chimene sindinaonepo mkazi akuchita mapemphero ali mkati, n'kutsomphola chipewa chija.

"Imwe mdala! Mkamwana wanu tamusiya kunyumba, akuphika nyemba. Awa ndi amama anu. Ndi mwambo wa kuti umene umaletsa mwana kuyang'ana amama ake?"

Kwaya inasiya kuimba. Akuluakulu a mpingo anayang'anana, osadziwa kuti aseke kapena adzudzule. Amene anathetsa nkhaniyo ndi a NyaGondwe, omwe aja ankafuna neti. Anaimirira n'kutulutsa nthungululu yaitali, amayi onse n'kulandira.

A Fundi anatembenuka. Popeza ankaona ngati mu bango, sakanatha kuiona gauni yonse nthawi imodzi. Anayambira pansi pa mpendero, mutu ukukwera pang'onopang'ono, siketi, chiuno, timapindi, manja, kolala. Kenako anafika pankhope panga, ndipo ine, poti ndinali amayi awo, sindinathawitse maso. Ndevu analibe. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi makutu otambalala omwe aja a Tiyezge, amene zaka zonsezi ndinkadabwa kuti mwanayu anawatenga kuti.

Anadzuka, nazungulira kumbuyo kwanga, nawerama, nanyamula mpendero ndi manja awiri kuti usakhudze pansi. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinacheuka n'kulankhula monga sindinalankhulepo ndi munthu wamkulu chibadwire.

"Mwana wanga, shati ija inakukwana?"

"Manja anali aatali, amama," anatero. "Koma ndinakuliramo. Yewo, amama. Yewo chomene."

Ambiri m'tchalitchimo sanadziwe za shati, koma analira nawo basi. Ine misozi inatsikira pa kolala ya kansalu ka wailesi. Tinayenda choncho mpaka kutsogolo, ine patsogolo, iwo pambuyo atagwira mpendero, kwaya itayambiranso ndi mphamvu. Titafika, anapukuta m'maso ndi mkono, nabwerera m'mbuyo pang'ono, napendeketsa mutu.

"Phewa lakumanzere lakwera," anatero mokweza. "A Nambela, munati ili bwino waka!"

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi kuseka, abusa omwe. Sewero linapitirira, koma palibe amene amakumbukira mmene linathera.

Mawa lake ndinabwerera pa umkamwana wanga. Ndinabwera ndi tiyi, ndinagwada chammbali, maso pansi. Mphasa inali itabwerera pansi pomwe imakhala, ndipo khomo linali pululu. A Nambela anati pafunika katani ina msanga, anthu angatiseke. A Fundi anavomera kuti enya, ifunikadi, koma nsalu yoyenera palibe. Munthu wa matumba atatu a zigamba, amene ankadziwa shiti iliyonse ya m'mudzi muno, anakhala zaka zisanu ndi zinayi akusowa nsalu ya katani. Aliyense akabweretsa, ankaifinya ndi zala ziwiri n'kunena kuti njopepuka, kapena njolemera, kapena ikununkha sitolo.

Maso awo anatsekeratu mvula yotsatira isanathe. Sanadandaule kwambiri. Ankati zimene ankafuna kuona anaziona, zotsalazo ndi nkhope ya a Nambela imene akuidziwa kale pamtima. Ankakhalabe pamakina, kusoka misoko yowongoka ya mapilo ndi zala zokha, ndipo ulusi ukatha osadziwa ankapalasabe, akuimba. Dzina lawo sindinalitchulepo, pamphasa imodzi sitinakhalepo. Koma kuyambira tsiku lija sanandiitanenso kudzera kwa wina. Ndowa ikangogunda pamphuthu ankakuwa okha, "Amama, mwafika? Tiyi wapsa?" Anandiitana choncho mpaka sabata imene anatisiya, ndipo anapita mwakachetechete masana ena, atangomwa tiyi wa masipuni anayi.

Gauni ili m'bokosi kwa a Nambela. Yatulukamo kanayi, kukavalidwa ndi akwatibwi enieni, ndipo woyamba anali mdzukulu wa a NyaGondwe uja, ngakhale anachita kuipinda m'munsi. Phewa lakumanzere likadali lokwera. A Fundi anakana kulikonza, ati likhale umboni pa mlandu wawo ndi a Nambela.

Sabata yatha abale anasonkhana kudzakumbukira chaka. Mlamu wanga wa ku Karonga anabwera ndi katani yatsopano yonyezimira, ati khomo lija lakhala lamanyazi nthawi yaitali. A Nambela anailandira ndi manja awiri, anathokoza, anaifinya ndi zala ziwiri, n'kukaiika m'nkhokwe pansi pa mawere.

Chipinda chakumaso chili monga anachisiyira. Makina aphimbidwa ndi theka la shiti lotsala ku andiloko. Popondera pake utoto unatha malo awiri, ndipo ukayang'anitsitsa umaona chidendene ndi zala. Nsapato zili pambali, moyandikana. Pawindo pali chitsononkho chija, singano zitatu zikadali ndi ulusi wanga. Pamwamba pa khomo lamkati patsala misomali iwiri ndi waya wochita dzimbiri, wopanda kanthu, moti ukaima kukhitchini umaona mpaka kumsewu. Dzulo ndikulowa ndi madzi ndowa inagundanso pamphuthu, ndipo ndinaima pomwepo kanthawi, ndowa ili pamutu, ndisanakumbuke kuti ndiyenera kungolowa.